Kusanthula Sembene!: zolemba za momwe ntchito ikuyendera

Ntchito yake ndi kuunika documentary (filimu yofotokoza nkhani yeniyeni) ya Sembene! ya 2015, yomwe anakonza a Samba Gadjigo ndi a Jason Silverman, n'kuona pamene ili ndi mphamvu ndi pamene yaperewera pofotokoza ntchito ya a Ousmane Sembène, dayirekita wa ku Senegal. Pamapeto pake patuluke zinthu ziwiri: ndemanga ya masamba ochepa, ndi ndondomeko ya mafilimu a Sembène oyenera kuonetsedwa limodzi ndi documentary imeneyi kuti zimene yasiya zikwanire.

Sabata yoyamba

Documentary yaoneredwa katatu. Koyamba mosaimitsa, popanda cholembera m'manja, chifukwa umo ndi mmene munthu wamba adzaionere. Kachiwiri tinatseka mawu n'kungoyang'ana zithunzi. Kachitatu tinaphimba sikirini n'kungomvetsera. Njira ziwiri zomalizazi n'zotopetsa, koma ndizo zimaulula amene wasenza nkhani. Apa yankho silinachedwe. Ukaphimba zithunzi, nkhani imayendabe bwinobwino kuchokera ku Casamance, chigawo cha kumwera kwa Senegal komwe a Sembène anabadwira, mpaka pa maliro awo mu 2007, chifukwa mawu a bambo Gadjigo ndiwo msana wa filimu yonse. Ukatseka mawu, umatsala ndi zithunzi zabwino zomwe dongosolo lake ungalitsate pokhapokha ngati mbiri ya a Sembène unkaidziwa kale.

Kenako tinayamba kulemba chilichonse chooneka ndi chomveka, mphindi ndi mphindi, m'magulu 5: a Sembène akulankhula okha m'matepi akale, bambo Gadjigo akufotokoza, anthu ena ofunsidwa mafunso, tizidutswa ta mafilimu a Sembène, ndi zodzazira monga zithunzi zakale ndi makatuni. Gulu lililonse lili ndi mtundu wake wa khadi. Apa panabuka vuto lomwe aliyense woyesa ntchito yotere adzakumana nalo. Kachidutswa ka filimu kakamaoneka koma mawu ali a wofotokoza, khadi lake ndi liti? Ukakaika ku gulu la tizidutswa, zimaoneka ngati mafilimu apatsidwa nthawi yochuluka. Ukakaika kwa wofotokoza, mafilimu amazimiririka. Tagwirizana kuti zithunzi zikhale ndi mzere wake, mawu akhalenso ndi wake, ndipo kachidutswa kawerengedwe kuti kaima pakokha pokhapokha ngati kakumveka ndi mawu ake enieni kwa masekondi osachepera 20. Lamulo limeneli latibweza m'mbuyo masiku awiri, poti makadi oyamba onse alembedwenso.

Vuto lachiwiri ndi la wotchi. Makope awiri a filimu imodzi sayamba malo amodzi, chifukwa ena amakhala ndi zizindikiro za makampani ogulitsa kumayambiriro. Tsopano ziro tikumuika pa chithunzi choyamba cha documentary yeniyeniyo. Komanso filimu ya m'nyumba zoonetsera imathamanga zithunzi 24 pa sekondi, pamene DVD ya PAL, muyezo wa vidiyo wa maiko ambiri a ku Ulaya ndi Africa, imathamanga 25. Kusiyana kwake ndi pafupifupi 4 peresenti, moti filimu ya mphindi 90 imatha pa mphindi 86 ndi masekondi 24, ndipo mawu amakwera pang'ono. Amene akulemba nthawi ayenera kugwiritsa ntchito kope limodzi lomwelo mpaka ntchito ithe.

Sabata yachiwiri

Sabata ino yapita pa kuyala mbiri papepala, mosadalira documentary, kuti tikhale ndi muyezo.

A Sembène anabadwa mu 1923 ku Ziguinchor, anamwalira pa 9 June 2007 ku Dakar. Sukulu anaisiyira panjira atachotsedwa, anagwirapo usodzi ndi zomangamanga, analowa usilikali wa France mu 1944, kenako anakagwira ntchito yotsitsa katundu padoko la Marseille, komwe analowa bungwe la ogwira ntchito la CGT ndi chipani cha Chikomyunizimu. Buku lawo loyamba, Le Docker noir, linatuluka mu 1956. Les Bouts de bois de Dieu, lonena za sitalaka ya ogwira ntchito panjanji ya Dakar-Niger ya 1947 mpaka 1948, linatuluka mu 1960. Zojambula mafilimu anakaphunzira ku Moscow, ku Gorky Studio, pansi pa Mark Donskoy. Borom Sarret, filimu ya mphindi pafupifupi 20 ya woyendetsa ngolo mu Dakar, inatuluka mu 1963 iwo ali ndi zaka 40. Mafilimu aatali alipo 9: La Noire de... (1966), Mandabi (1968), Emitaï (1971), Xala (1975), Ceddo (1977), Camp de Thiaroye (1988), Guelwaar (1992), Faat Kiné (2000) ndi Moolaadé (2004).

Tsopano masamu. Documentary ndi ya pafupifupi ola limodzi ndi theka. Munthuyo anakhala zaka 84, ndipo 40 mwa izo zinadutsa asanatulutse filimu. Ngakhale okonza akanapereka theka la nthawi yonse ku mafilimu 9 aja, iliyonse ikanangopeza mphindi 5, pamene Xala, Camp de Thiaroye ndi Moolaadé iliyonse imakwana kapena kupitirira maola awiri. Choncho dandaulo loti "yathamanga" palokha silikunena kanthu. Inayenera kuthamanga. Funso loyenera mu ndemanga ndi lakuti yachedwa pati, ndipo chifukwa chiyani pamenepo.

Chomwe chaoneka kale n'chakuti zaka za ku Casamance ndi ku Marseille zafotokozedwa mokhutiritsa. Sizodabwitsa. Bambo Gadjigo analemba buku la mbiri ya a Sembène lomwe limazama pa zaka zoyambirirazo, ndiye akuyenda m'munda womwe analima okha. Woonera amamvetsa bwino chifukwa chake wolemba mabuku wodziwika kale anatembenukira ku kamera: anthu amene ankawalembera sankawerenga Chifalansa, ambiri sankawerenga n'komwe, ndipo a Sembène ankaona filimu ngati sukulu ya madzulo. Mfundo imeneyi documentary yaikhazika molimba, ndipo ndemanga iyambire pomwepo poyamikira.

Kanthu kakang'ono ka kalembedwe: dzina la munthu tikulemba Ousmane Sembène, la filimu Sembene! monga momwe eni ake analembera. Pa zikuto za mabuku awo ambiri pali Sembène Ousmane, dzina la banja lili patsogolo. Wofufuza m'malaibulale ayese zonse ziwiri.

Sabata yachitatu

Iyi ndiyo sabata yomwe mutu wa ndemanga wapezeka, ndiye tichedwapo.

Documentary yasankha kuti nkhani ituluke pakamwa pa munthu mmodzi. Bambo Gadjigo anakulira kum'mawa kwa Senegal, anaphunzira sukulu za Chifalansa, ndipo amafotokoza okha kuti kuwerenga Les Bouts de bois de Dieu ali mnyamata kunawasintha maganizo. Pambuyo pake anakhala mphunzitsi ku Mount Holyoke College ku America, anadziwana ndi a Sembène chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, n'kukhala mnzawo woyenda nawo ndiponso wolemba mbiri yawo mpaka imfa.

Phindu la kusankha kumeneku ndi lalikulu. Ma documentary ambiri a mbiri ya dayirekita amafa ndi matenda amodzi: anthu otchuka 15 atakhala pamipando, aliyense akunena kuti malemu anali katswiri, tizidutswa tikudutsa pakati, basi. Woonera amatuluka akudziwa kuti munthuyo anali wamkulu koma osamva chifukwa chake. Sembene! yalizemba dzenje limeneli. Popeza wofotokoza akunena zimene buku ndi mafilimu zinachita pa moyo wake, ukulu wa a Sembène sukungolengezedwa, ukuoneka pa munthu wamoyo. Ndiponso mnzawo wapamtima ndiye anali ndi makiyi a nyumba, makalata, zithunzi ndi matepi omwe mlendo sakanawafikira.

Koma chomwecho chili ndi mtengo wake, ndipo makadi athu akuuonetsa. Tagawa mafilimu 9 aja pawiri. Oyamba 6, kuyambira La Noire de... mpaka Camp de Thiaroye, anapangidwa awiriwa asanayandikane. Atatu omaliza ndi a nthawi ya ubwenzi wawo. Pa oyambawo bambo Gadjigo akulankhula ngati wofufuza, zomwe anawerenga ndi kumva. Pa Moolaadé akulankhula ngati mboni, chifukwa analipo ku Burkina Faso pojambula ndipo anali ndi kamera yawoyawo. Mawu ake ndi amodzimodzi, odekha ndi aulemu, ndiye woonera sazindikira pamene ufufuzi wathera ndi pamene umboni wayambira. Pa makadi a wofotokoza tawonjezera chilembo: M pa zimene anaona ndi maso, F pa zimene anafufuza. Ntchito imeneyi yafika pakati.

Chotsatira chake china n'chakuti kulemera kwa filimu mu documentary sikukutsata kulemera kwake mu ntchito ya a Sembène. Kukutsata zinthu ziwiri: ngati pali matepi a mmene inajambulidwira, ndi ngati inabweretsa mkangano. Moolaadé ili ndi zonse ziwiri. Ceddo ndi Camp de Thiaroye zili ndi mikangano. Guelwaar ndi Faat Kiné sizipeza malo ofanana ndi amenewo, chonsecho Guelwaar, ya Mkatolika wotsutsa chithandizo cha chakudya chochokera kunja yemwe mtembo wake unaikidwa molakwika kumanda a Asilamu, ili m'gulu la mafilimu awo olukidwa mwaluso kwambiri.

Ndiye mfundo yaikulu ya ndemanga ikhala iyi: Sembene! ndi mbiri ya munthu yonenedwa ndi wophunzira wake, ndipo mafilimu akubwera ngati umboni wa moyo ndi ndale za munthuyo. Kachidutswa kakuitanidwa kuti katsimikize zimene wofotokoza wangonena. Sikakupatsidwa mpata wokwanira woonetsa mmene a Sembène ankaikira kamera, mmene ankachedwera pa chithunzi chimodzi, kapena mmene nthabwala zawo zimapsera pang'onopang'ono. Chitsanzo ndi Mandabi. Kukoma kwake kuli mu utali wa mzere wa mavuto: Ibrahima Dieng walandira money order ya ma franc 25,000 kuchokera kwa mphwake ku Paris, kuti aitape akufunika chiphaso, kuti apeze chiphaso akufunika kalata yobadwira ndi zithunzi, ndipo pa khomo lililonse wina akumudyera pamene kunyumba ngongole zikukwera. Nthabwala yotere siikwana mu masekondi 40. Ukaidula, imatsala mfundo yokha yoti maofesi a boma amazunza osauka, yomwe ndi yoona, koma si filimuyo.

Sabata yachinayi

Zitini. Chimodzi mwa zinthu zosaiwalika mu documentary ndi bambo Gadjigo akulowa m'nyumba ya a Sembène ya Galle Ceddo ku Yoff, ku Dakar, m'mphepete mwa nyanja, n'kupeza zitini za mafilimu zitachita dzimbiri ndi mapepala akuwonongeka. Gawo limeneli limanena zambiri popanda mawu, ndipo ndemanga iliyamikire. Koma woonera wamba sadziwa chimene chikuchitika mkati mwa chitini, ndiye tilemba ndime yaifupi yomuthandiza.

Filimu ya zaka zimenezo ili pa mtundu wa pulasitiki wotchedwa cellulose acetate. Ikakhala pa kutentha ndi chinyezi imayamba kutulutsa asidi wonunkha ngati vinega, ndipo asidiyo amafulumizitsa kuola, moti zikayamba sizibwerera m'mbuyo. Filimu imafota, imapindika, mabowo a m'mbali sagwirizananso ndi mano a makina, ndipo mbali yomwe ili ndi chithunzi imayamba kusupuka. Osunga amayeza ndi timapepala ta A-D Strips, tomwe timasintha mtundu kuchoka pa buluu kupita ku chikasu, pa muyezo wa 0 mpaka 3. Mankhwala ake ndi chipinda chozizira ndi chouma, ndi kupatula zitini zodwala. Nyumba ya pagombe, ya mphepo yamchere, ili ndi zonse zimene filimu imadana nazo. Chitini chimodzi cha 35mm cha mamita 300 chimanyamula mphindi pafupifupi 11, ndiye filimu ya maola awiri ndi zitini 11, osawerengera za mawu ndi zotsala podula. Mapepala a Sembène tsopano akusungidwa ku Lilly Library ya Indiana University.

Sabata yachisanu

Kufananitsa tizidutswa ndi mafilimu enieni. Ntchito yapang'onopang'ono: kachidutswa kalikonse kapezedwe mu filimu yake, kenako tione chomwe chili patsogolo pake ndi pambuyo pake.

Chenjezo loyamba ndi la mitundu. Documentary inaonetsedwa koyamba pa chikondwerero cha mafilimu cha Sundance mu January 2015, n'kupitanso ku Cannes chaka chomwecho. Pa nthawiyo Borom Sarret inali itakonzedwanso mu 2013, ndipo La Noire de... inakonzedwa mu 2015, zonse kudzera m'mabungwe okonzanso mafilimu akale a World Cinema Project ndi Cineteca di Bologna. Koma Mandabi inakonzedwa pambuyo pake, Emitaï, Xala ndi Ceddo zinatuluka mwatsopano ku kampani ya Criterion mu 2024, ndipo Camp de Thiaroye yokonzedwanso inaonetsedwa ku Cannes mu 2024. Okonza Sembene! sakanatha kugwiritsa ntchito makope omwe kunalibe. Filimu yamitundu ya zaka za m'ma 1970 ikakalamba, utoto wa cyan (wabuluu wobiriwirako) ndi wachikasu umafwifwa msanga n'kusiya chithunzi chofiirira. Aliyense wolemba za kuwala ndi mitundu ya mafilimu amenewa aonere makope atsopano. Kuweruza wojambula potengera kope lofwifwa n'kumunamizira.

Chachiwiri ndi mawonekedwe a chithunzi, kutanthauza mulifupi mwake poyerekeza ndi msinkhu wake. La Noire de... ndi ya 1.37:1, Mandabi ya 1.66:1, pamene sikirini ya masiku ano ndi 16:9, kapena kuti 1.78:1. Munthu akakulitsa chithunzi cha 1.37 kuti chidzaze sikirini, amataya pafupifupi 23 peresenti ya msinkhu wake. Pa La Noire de... kutaya kotere n'kupha filimu, chifukwa chigoba chamatabwa chopachikidwa pakhoma loyera la nyumba ya ku Antibes ku France, ndi malo opanda kanthu ozungulira Diouana, mtsikana wa ku Senegal wogwira ntchito m'nyumbamo, ndizo nkhani yeniyeniyo. Nthawi zambiri wolakwa sakhala wokonza documentary koma TV kapena pulojekita yoikidwa pa zoom. Poonetsa, batani limeneli liyang'anidwe anthu asanalowe.

Chachitatu, matepi akale a vidiyo amakhala ojambulidwa ndi mizere yolukana. Pa kompyuta, munthu akagwedeza dzanja, m'mphepete mwake mumaoneka mano ngati a chipeso. Ndi nkhani yongotsegula deinterlace, batani lolumikiza mizereyo, mu pulogalamu yoonetsera. Tisailembe ngati cholakwa cha documentary.

Matepi akalewo ndi chuma cha documentary imeneyi. A Sembène, kaliwo ali pakamwa, akuyankha mafunso mwachidule ndi mobaya, amadzifotokoza bwino kuposa aliyense wowafotokoza. Pa kuonera kwachitatu kuja, kongomvetsera, malo onse omwe khutu linadzuka anali pamene iwo eni akulankhula.

Sabata yachisanu ndi chimodzi

Zovuta kunena. Documentary yokonzedwa ndi mnzake wa munthu imayesedwa apa, ndipo Sembene! yakhoza kuposa momwe ambiri angayembekezere.

Nkhani yoyamba ndi ya Camp de Thiaroye. Pa 1 December 1944 asilikali a France anawombera asilikali a ku West Africa omwe anabwerako ku nkhondo ya ku Ulaya ndipo ankafuna malipiro awo, pa kampu ya Thiaroye pafupi ndi Dakar. Filimu ya a Sembène, yomwe anatsogolera limodzi ndi Thierno Faty Sow, inapangidwa ndi ndalama za Senegal, Algeria ndi Tunisia, inapata mphoto ku Venice mu 1988, ndipo ku France inakhala zaka pafupifupi 10 osaonetsedwa. Koma nkhani yomweyo anali ataikonzekera kale anthu achichepere, wolemba Boubacar Boris Diop ndi dayirekita Ben Diogaye Bèye, ndipo dandaulo ndi lakuti mwayi ndi ndalama zomwe zikanapita ku filimu yawo zinathera kwa a Sembène. Documentary siinabise. Yachiwiri ndi ya Moolaadé: pojambula gawo la mdulidwe wa atsikana, mantha ndi kulira kwa mwana wosewerayo zinali zenizeni, ndipo dayirekita anapitiriza kujambula. Palinso za kunyumba, za bambo amene ntchito inkabwera patsogolo pa banja, ndipo mwana wawo Alain akulankhulapo.

Kuulula zimenezi n'kulimba mtima, makamaka kwa munthu amene moyo wake wonse waumangirira pa dzina la a Sembène. Chimene ndemanga ifunse ndi zomwe zikuchitika pambuyo pa kuululako. Mlandu umatchulidwa, woonera amadzidzimuka, kenako nkhani imabwerera ku ulendo wa ngwazi ndipo mphoto yotsatira imatsuka zonse. Pa Moolaadé funso ndi lolemera: filimu yoteteza ana aakazi, ya Collé Ardo womanga chingwe pakhomo kuti abise atsikana 4 othawa mpeni, yopata mphoto ya Un Certain Regard ku Cannes mu 2004, inaopseza mwana kuti ipeze chithunzi chake. Documentary yafunsa funsoli koma sinakhale nalo nthawi yokwanira. Pakati pathu pali kusiyana maganizo: ena akuti kungolisiya lotseguka n'kulemekeza woonera, ena akuti n'kuthawa. Ndemanga inena mbali zonse ziwiri, koma ipendekera ku yachiwiri, chifukwa wofotokoza analipo pa malopo ndipo ndi yekhayo akanatha kuzama.

Pa Ceddo tingowonjezera chiganizo chimodzi. Boma la Léopold Sédar Senghor, pulezidenti wa Senegal nthawiyo, linailetsa ponena kuti mutu wake ulembedwe ndi d mmodzi, a Sembène anakana, koma filimu yoonetsa Chisilamu chikulowa mokakamiza ndiponso mwana wamkazi wa mfumu akuwombera imamu inali ndi zifukwa zina zoopetsa boma m'dziko la Asilamu ochuluka.

Sabata yachisanu ndi chiwiri

Mawu oti "tate wa mafilimu a mu Africa" amamveka paliponse pamene dzina la a Sembène latchulidwa, ndipo documentary yamangidwa pa iwo. Ali ndi maziko. La Noire de... inapata mphoto za Prix Jean Vigo ndi Tanit d'or ya ku Carthage mu 1966, ndipo inatsegula zitseko zomwe zinali zotseka. Koma mawuwa amabisa anthu. Lamulo la Laval la 1934 linkapondereza kujambula mafilimu m'maiko olamulidwa ndi France mu Africa, n'chifukwa chake Paulin Soumanou Vieyra ndi anzake anajambulira Afrique-sur-Seine ku Paris mu 1955, zaka 8 Borom Sarret isanabadwe. Vieyra yemweyo anadzagwira ntchito yoyendetsa zojambula pa mafilimu a Sembène ndipo analemba buku lonena za iwo. Ku Egypt kunali kale makampani a mafilimu m'zaka za m'ma 1930. Ndipo mu Senegal momwemo Djibril Diop Mambéty anatulutsa Touki Bouki mu 1973, yoyenda njira yosiyana kotheratu, ndipo Safi Faye anatulutsa Kaddu Beykat mu 1975.

Tayamba pepala la anthu ogwira nawo ntchito, poti woonera documentary satuluka akuwakumbukira. Christian Lacoste anagwira kamera pa Borom Sarret ndi La Noire de..., Georges Caristan pa Xala ndi Ceddo, Dominique Gentil pa mafilimu atatu omaliza. Nyimbo za Ceddo ndi za Manu Dibango, za Camp de Thiaroye za Ismaël Lô, za Guelwaar za Baaba Maal. Nyimbo za Dibango pa nkhani ya zaka mazana apitawo, ndi nyimbo ya uzimu ya anthu akuda a ku America ikumveka akapolo akudindidwa chizindikiro, n'zosankha za dayirekita zomwe zikanayenera mphindi ziwiri zokha kuti woonera aone kuti munthuyu sanali wandale wongonyamula kamera.

Ndalama nazonso. A Sembène anali ndi liwu lawolawo, mégotage, lochokera ku mégot, kachidutswa ka ndudu kotayidwa: kupanga filimu potoleza tizidutswa apa ndi apo monga wosuta wosauka amatolera zotsala za ena. Liwu limeneli likufotokoza zambiri za maonekedwe a mafilimu oyamba. Borom Sarret ndi La Noire de... zinajambulidwa popanda kutenga mawu pamalopo, mawu anaikidwa pambuyo. Diouana amaseweredwa ndi Mbissine Thérèse Diop koma maganizo ake timawamva m'mawu a Toto Bissainthe wa ku Haiti, m'Chifalansa. Umphawi wa zipangizo unasanduka luso: mtsikana amene mabwana ake akuganiza kuti alibe chonena akulankhula kwa ife tokha. Zotere ndi zimene documentary ya ntchito ya dayirekita iyenera kuzitola, ndipo apa ndi pamene Sembene! yaonda.

Za chilankhulo yazigwira bwinoko, poti zimalowa mu nkhani ya ndale. Mandabi inajambulidwa kawiri, m'Chifalansa ndi m'Chiwolofu, chifukwa cha zofuna za opereka ndalama a ku France. Emitaï ili m'Chidiola. Mu Xala mwana wamkazi Rama amayankha bambo ake m'Chiwolofu iwo akulankhula Chifalansa. Vuto lili pa mawu apansi, omasulira olembedwa pansi pa chithunzi: onse amatuluka m'chilankhulo chimodzi, ndiye woonera wosadziwa zilankhulozi saona kuti pasinthidwa chilankhulo, chonsecho mkangano wa bambo ndi mwana wagona pomwepo. Pa ndondomeko yoonetsera tiika chenjezo lakuti anthu atchere khutu pa gawo limeneli.

Sabata yachisanu ndi chitatu

Ndemanga yalembedwa koyamba ndipo yatalika kuposa muyezo. Ndime ya zitini ichoka mu ndemanga ipite ku pepala la oonera. Ndime ya Thiaroye ikhala, koma mawu ake aunikidwenso kuti dandaulo lioneke ngati dandaulo la anthu odziwika amene analinena, osati chigamulo chathu.

Ndondomeko yoonetsera yasinthidwa. Poyamba documentary inali patsogolo ngati khomo lolowera. Taibweza. Munthu akayamba ndi Sembene! amakaonera mafilimu atauzidwa kale tanthauzo lake, ndipo tizidutswa tina timaulula zomwe filimu inasunga mpaka kumapeto. Tsiku loyamba likhala la Borom Sarret ndi La Noire de..., zomwe pamodzi sizikwana ola limodzi ndi theka. Documentary ibwera tsiku lachiwiri. Kenako Mandabi, Xala ndi Ceddo motsatana, ndipo Guelwaar yapatsidwa tsiku lakelake dala. Moolaadé ikhala yomaliza, ndi mphindi 30 zokambirana za gawo la mwana lija.

Zotsala: kumaliza zilembo za M ndi F pa makadi a theka lachiwiri, kufananitsa tizidutswa ta Emitaï ndi kope la 2024, kulemba ndime ya zaka 11 za pakati pa Ceddo ndi Camp de Thiaroye, zomwe zikhudze buku la Le Dernier de l'Empire la 1981 ndi filimu ya Samory Touré, mtsogoleri wa ku West Africa yemwe analimbana ndi atsamunda a France, yomwe a Sembène anaikonzekera zaka zambiri koma sinajambulidwe. Kope la Faat Kiné la mawu apansi owerengeka bwino likufunidwabe, ndipo likapanda kupezeka sabata ikubwerayi, tsiku lomwe tikanaipatsa lipita kwa Emitaï.